Sabata ya Pamadzi ndi Mwana Wanga

Mwana wanga ndinamusiya ku Zomba ali ndi zaka zisanu, m'manja mwa mkulu wanga, pamene ndinkabwera ku London kudzagwira ntchito ya unamwino. Ndinalonjeza kuti pakangotha chaka ndimutenga. Chaka chija chinabala zinzake, mapepala akukanika, mpaka zinakwana zisanu ndi ziwiri. Tsiku limene anafika, pabwalo la ndege panatuluka mtsikana wamtali, wamanyazi, amene anandipatsa moni wa manja awiri ngati mlendo wa kutchalitchi.

Tinkakhala ku Barking, m'kanyumba kam'mwamba, pansi pake pali shopu yogulitsa nsomba zouma ndi makhadi oimbira foni. Mwanayo sindikanamuloza chala pa kanthu kalikonse. Ankasesa, kuchapa, kusita mayunifolomu anga popanda womutuma. Mkulu wanga anamulera mwamwambo kwambiri, moti akafuna kundiuza kanthu ankayamba wagwada pakapeti, manja pamaondo. Koma dzina lakuti amayi linali la mkulu wanga. Ine ndinali "amayi a ku London", ngakhale tili mu London momwemo. Loweruka lililonse ndikakala khadi n'kuimba kumudzi, iye ankatenga foni n'kukadzitsekera kubafa, ndipo ndinkamumva akuseka chikhakhali. Ine sanandisekerepo choncho. Ndisabise Chichewa, ndinkachita nsanje ndi mkulu wanga yemwe.

Atakhala miyezi isanu ndi itatu, tsiku lina anagwada n'kunena kuti sukulu ikatsekera Khirisimasi akufuna kubwerera kwawo. Anatero ndithu, "kwathu". Ndinamuyankha kuti tiona. Mumtima ndinadziwa kuti ndikangomulola kukwera ndege ija sadzabweranso, ndipo ine ndidzafa ndili mayi wa pafoni.

Nzeru yokwera sitima ya pamadzi anandipatsa ndi mnzanga wa ku Zambia amene tinkagwira naye wodi imodzi. Ndinamudandaulira tikusintha zofunda za wodwala.

"Iwe, mwana uyo sakuziba chabe," anatero mnzangayo. "Mutenge pa cruise. Mu ship mulibe shift, mulibe kothabila. Muzankala chabe babili."

Ndinagwira mawu amenewo ngati mankhwala. Ndinapempha tchuthi cha sabata imodzi mu Okutobala, nthawi imene ana amapuma pakati pa teremu. Ndinakaima pamzere wa viza kukuzizira, ndinamugulira diresi lachikasu pamsika, ndipo tinakwera ndege mpaka ku Barcelona kumene sitimayo inkatidikira.

Sitima yake inali yaikulu kuposa chipatala chathu, ndipo makonde ake ankasocheretsa chimodzimodzi. Kachipinda kathu kanalibe windo, kanali ndi timabedi tiwiri toyang'anana, pakati pongokwana munthu mmodzi. Ndinakondwera nako kuchepako, ndinati apa ndiye tiyankhulana basi. Chimene chinandiseketsa tsiku loyamba n'chakuti ndinathawa nkhalamba kuwodi n'kudzazipeza zonse m'sitima zitavala makabudula. Maso anga osamva ankangoona miyendo yotupa ndi anthu oyenera kumwa madzi ambiri.

Mwana wanga anatenga Barking n'kubwera nayo pamadzi. M'mawa ankayala mabedi onse awiri wantchito wa m'sitima asanafike, mpaka mayiyo anadzandidandaulira moseka kuti timulanditsa ntchito. Kodyera, kumene aliyense ankadzitengera chimene wafuna, iye ankaima kumbuyo kwanga ndi mbale yopanda kanthu kudikira kuti ndiyambe ine. Ku Marseille ndinamugulira ayisikilimu, analandira ndi manja awiri.

"Ukusangalala?" ndinamufunsa.

"Eya."

"Chakusangalatsa kwambiri n'chiyani?"

"Zonse."

Ndinkafuna kumugwedeza kuti mwina mugwa mawu ena. Anthu amati mwana waulemu ndi dalitso, koma ulemu wa mwana wanga unkandilasa kuposa chipongwe. Bola akanandimenyetsera chitseko ngati ana a anzanga obadwira kuno.

Tsiku lachitatu masana tinaima m'mphepete mwa sitima, pamwamba penipeni. Mwadzidzidzi m'madzi munatuluka zinsomba zikuluzikulu zotuwa, zikudumpha motsatana pafupi ndi sitimayo. Mwana wanga anandigwira mkono, zala zake mpaka kulowa m'mnofu.

"Taonani! Taonani uko!"

Anaseka, kuseka kuja kwa kubafa. Sindinazione bwino nsombazo, ndinkayang'ana dzanja lake pamkono wanga. Ndinati Mulungu wamva, mnzanga wa ku Zambia ananena zoona.

Tsiku lotsatira sitima sinaime padoko lililonse, linali la pamadzi pokhapokha, ndipo madzulo ake kunali chakudya chaulemu chimene anthu amatchena n'kujambulitsa ndi kaputeni. Kuyambira m'mawa mwanayo ankati m'mimba mukumupota. Ine namwino wodziwa zonse sindinafunse kawiri. Ndinati ndi chizungulire cha pamadzi, ndinamupatsa piritsi, n'kupita kukakonzetsa tsitsi.

Anatikhazika patebulo la anthu asanu ndi atatu, ena onsewo azungu achikulire a ku England konkuno. Ndiyenera kunena mmene ndinalili madzulo amenewo, apo ayi zimene ndinachita sizimveka. Zaka zonsezo ndinali wotawira anthu ngati amenewa, wowasambitsa, woitanidwa ndi belu. Tsiku limenelo ndinali nditavala diresi lalitali, woperekera zakudya akunditcha madamu, akundikokera mpando. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha andione ngati mnzawo. Ndinkayankhula Chingerezi changa chapamwamba, chija ndimasungira madokotala.

Tili pakati pa kudya, mwana wanga anadzuka n'kupita kuchimbudzi. Anakhalitsako. Pobwera anali atamanga juzi m'chiuno pamwamba pa diresi lachikasu lija, ndipo sanapite pampando wake. Anazungulira tebulo, nafika pambali panga, n'kugwada pansi, m'chipinda cha anthu mazanamazana ndi magetsi olendewera.

"Amayi," anatero chapansipansi, "ndimafuna ndikuuzeni..."

Mayi wina amene anakhala moyang'anana nane, wa ndolo zazitali, anamwetulira mokoma mtima ndithu n'kundifunsa ngati mtsikanayo ndi wantchito wanga.

Ndinatembenukira mwana wanga.

"Get up! Dzuka msanga, ukundichititsa manyazi. Kuno si kumudzi."

Anadzuka. Anati, "Pepani," n'kutuluka akuyenda chammbali, dzanja lili pajuzi. Ine ndinatsala. Ndinawafotokozera azunguwo, uku ndikuseka, kuti kwathu ana amagwadira akulu, kuti mwanayo wangobwera kumene ndipo azolowera. Iwo anagwedeza mitu, anati n'zosangalatsa. Ndinadya mpaka keke yomaliza. Mpaka lero keke ya mandimu sindidya.

M'mawa mwake ndinayesa kukonza, koma mokonza mwa munthu wosafuna kugonja.

"Dzulo umafuna kunena chiyani?"

"Palibe."

"Ukudziwa, kuno anthu samvetsa zogwadazi. Ukafuna kundiuza kanthu uzingonena."

"Ndamva."

Kuyambira pamenepo anandimveradi. Masiku awiri otsatira tinatsika m'madoko, tinakwera mabasi, tinaona matchalitchi akale ndi zipilala zogumuka, wotiperekeza akutchula mayina a mafumu amene sindinasunge ngakhale limodzi. Mwanayo ankayenda kumbuyo kwa gulu, pang'onopang'ono, juzi ili m'chiuno ngakhale kunkatentha. Anakana kusambira. Kubafa ankakhalitsa, madzi akungotayika. Ine ndinati wanyanyala, ndipo ndinapsa mtima kuti ndamubweretsa kutali chonchi iye n'kumandikwinyira nkhope. Tinkagona motalikirana mkono umodzi, aliyense atayang'ana khoma lake.

Titafika ku Naples, tisanatsike, anandipempha kanthu koyamba pa ulendo wonsewo, ali chiimire.

"Ndikupempha nawo foni. Ndikufuna ndiyankhule ndi amayi."

Foni yanga ya m'manja inkakana kuimba kumeneko. Tinayenda m'misewu yodzaza njinga zamoto mpaka tinapeza kashopu kogulitsa fodya ndi makhadi, kenako foni ya pamsewu pafupi ndi doko. Inalibe chitseko, inali yongopachika pamtengo wachitsulo ndi kadenga. Ndinaimba nambala ya mkulu wanga n'kumupatsa mwanayo. Panalibe bafa loti akabisalemo. Anandifulatira, koma ndinamva zonse.

"Amayi, ndine. Amayi, ndakula."

Kenako analira. Analira ngati kamwana ka zaka zisanu kamene ndinakasiya pakhonde ku Zomba.

Kwathu mtsikana akaona magazi ake oyamba sangonena paliponse, ndipo ambiri sauza ngakhale mayi wowabala. Amapita kwa azakhali kapena kwa mayi wina wamkulu amene amamukhulupirira, amagwada, n'kunena mwaulemu, ndipo wamkuluyo amamutenga n'kumusamala. Ine ndinachita choncho ndili mtsikana, ndinkazidziwa bwinobwino. M'sitima ya anthu ochuluka chonchija mwana wanga analibe azakhali, analibe wina aliyense. Anayang'ana uku ndi uku, napeza ine. Anabwera mmene anamuphunzitsira, ananditchula amayi osawonjezapo kanthu, ndipo ine ndinamuthamangitsa chifukwa cha ndolo za mayi amene ngakhale dzina lake sindinalidziwe.

Patapita kanthawi anandipatsa foni. Mkulu wanga sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Masiku atatu mwana ali yekha ndi zimenezi?" anafunsa mkulu wanga. "Iwe uli pomwepo?"

"Sindinadziwe, achemwali."

"Akuti anabwera kudzakuuza."

Njinga zamoto zinkangodutsa.

"Tamvera," anapitiriza mkulu wanga. "Mwanayo wakula, afunika kulangizidwa. Kumeneko amulangiza ndani? Mutumize pa Khirisimasi, tidzamukhazike pansi ndi amayi anzanga kuno."

Ndinali ndi mayankho amene ndinawakonza miyezi yambiri: sukulu zabwino, chipatala, tsogolo lake. Ndikanatha kunena kuti ku Barking kulinso amayi a mvano, kuti ine mwini ndine namwino. Munthu amene walephera kumva mawu awiri a mwana wake angatsutse chiyani?

"Chabwino, achemwali," ndinatero.

Mwana wanga anamva. Anapukuta misozi ndi mkono wa juzi, ndipo ndinaona mapewa ake akutsika ngati munthu amene watula mtolo. Sanasangalale chotero ndi chilichonse chimene ndinamuonetsa pa ulendo wonsewo.

Titabwerera m'kachipinda kathu ndinatsegula chikwama changa n'kutulutsa paketi ya mapadi. Inali mmenemo masiku onsewo, pansi pa bedi langa, pamalo poti akanangotambasula dzanja. Ndinamuonetsa kavalidwe kake ndi mawu anga a kuwodi, chifukwa ena ndinalibe. Ndinamufunsa kuti nanga masiku atatuwo ankatani. Anatsegula sutikesi yake n'kundionetsa jumbo. Munali tinsalu tonyowa. Anali atadula chitenje chake ndi kalumo kanga kowengera zikhadabo, n'kumachapa tinsaluto pasinki. Poti nsalu zotere siziyanikidwa poonekera, ankazifinya n'kuzibisa, kenako kuzivalanso zisanaume. Khungu lake linali litanyuka.

Ndinamuuza kuti pepa. Ndinanena kangapo, m'Chichewa, nditakhala pansi pakati pa timabedi tija. Iye anayang'ana kumbali mwamanyazi, poti wamkulu sapepesa mwana chotero.

"Palibe kanthu," anatero. "Musadandaule."

Tsiku lomaliza sitima inabwerera ku Barcelona kukugwa mvula. Zithunzi za madzulo aja a kaputeni anazipachika pakhoma kuti anthu agule, ndipo chathu ndinachiona: ine ndikumwetulira mano onse pamtunda, iye ataima pambali panga dzanja lili pamimba. Ndinachisiya pomwepo.

Ku London tinafika kutayamba kuda msanga. Mnzanga wa ku Zambia anandithamangira m'khonde la wodi kufunsa kuti zinayenda bwanji, ndinangoti nyanja inali yokongola. Masabata otsalawo tinakhala mwamtendere, ine ndi mwana wanga, mtendere wa anthu odikira basi. Tikiti ndinakagula ndekha. Ndinamuperekeza ku bwalo la ndege, ndinam'pereka m'manja mwa mayi wovala yunifolomu amene amayang'anira ana oyenda okha, ndipo ndinabwerera pa sitima ya pansi pa nthaka mpaka ku Barking, n'kukalowa shifiti ya masana.

Mwana wanga sanabwerenso kudzakhala. Timayankhulana, amandifunsa za kuzizira ndi za miyendo yanga, ndipo sanandinenepo choipa. Koma nkhani zake zikuluzikulu sizifika kwa ine kuchokera pakamwa pake. Za mayeso ake ndinamva kwa mkulu wanga, za mwamuna womufunsira ndinamva kwa mkulu wanga. Pamene anabereka mwana wake woyamba, mkulu wanga ndiye anali naye m'chipatala, ndipo ndi mkulu wangayo amene anandiimbira patatha masiku awiri.