Raketi Imene Amalume Anandigulira

Tenisi ndinayamba ndili mu Fomu 3, pa sekondale yoyendera ina kufupi ndi Kasakula. Bwalo lathu linali ladothi, kuseri kwa makalasi, ndipo mizere yake tinkathira phulusa Lachitatu lililonse. Amene ankatiphunzitsa anali madamu a bayoloje, mayi wamfupi wosakonda kukweza mawu, amene anasewerapo masewerowa ali ku koleji. Anali ndi maraketi asanu amene anatola pa kaunjika mwapang'onopang'ono, ndipo atsikana tonse tinkalandizana omwewo.

Imene ndinkaithamangira ine inali yabuluu. Penti yake inali itasupuka, ndipo pogwirira madamu anakulungapo mphira ya chubu cha njinga. Koma inali yopepuka, yamutu waukulu, moti ngakhale ndimenye mpira cha m'mbali, unkawolokabe neti.

"Iwe ukadali wophunzira," madamu ankatero. "Dzanja lako silinadziwe kuti pakati pa raketi ndi pati. Imeneyi ukalakwitsa imakukhululukira."

Patapita miyezi isanu ndi itatu, panalibenso mtsikana wondigonjetsa pasukulupo. Madamu anandilembetsa mpikisano wa masukulu umene unkachitikira ku Madisi, ndipo opambana ankayenera kukasewera ku Lilongwe. Anandilola kupita ndi raketi ija kunyumba kuti ndizimenya mpira pakhoma la tchalitchi ndikaweruka.

Pakhomapo mpamene amalume anandipeza. Iwowa ndi achimwene awo a amayi anga, ndipo ankagwira ntchito mu ofesi ina ku Lilongwe. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, choncho pakhomo pathu mawu omaliza anali a amalume. Tsikulo anabwera kudzaona munda wawo wa fodya. Anaimika galimoto, natenga raketi m'manja mwanga, nkuitembenuzatembenuza ngati akuona khoswe wakufa.

"Ndiye chimenechi ukufuna upite nacho pagulu? Mwana wa mlongo wanga?"

"Imasewera bwino, amalume."

"Mphira ya njinga!" Anaseka mpaka kugwira chitseko cha galimoto. Sanandifunse kuti ndayamba liti kusewera, kapena kuti chimandivuta nchiyani. Anangofunsa tsiku la mpikisano, basi.

Loweruka la mpikisanolo tinafika ku Madisi m'mawa, ine ndi madamu. Ndinali nditayamba kale kutenthetsa thupi pamene galimoto ya amalume inalowa pabwalo. Anatsika ndi anzawo awiri a kuntchito, onse atavala magalasi akuda. M'manja mwa amalume munali chikwama chachitali chokhala ndi zipi.

"Bwera kuno," anandiitana. "Tsegula."

Inali raketi yakuda, yonyezimira, pulasitiki ikadali pogwirira. Sindinganame, mtima wanga unadumpha. Ndinali ndisanagwirepo chinthu chatsopano chotero. Koma nditangoinyamula ndinamva kuti pali vuto. Inkakokera dzanja pansi ngati nkhwangwa.

Madamu anabwera, napereka moni mwaulemu, nkuitenga. Anaiyesa m'manja, kenaka anagogoda zingwe zake ndi chikhatho.

"Bambo, mwachita bwino kumuganizira mwanayu. Raketiyi ndi yabwino zedi, koma ndi ya akatswiri. Ndi yolemera, mutu wake ndi waung'ono, ndipo zingwe anazikunga kwambiri. Pogwirira napo mpakulu, taonani zala zake sizikuzungulira. Muisunge, adzaigwiritsa ntchito pakapita zaka. Lero asewere ndi imene anaizolowera."

Amalume anavula magalasi. "Madamu, ine ndinalowa m'sitolo yeniyeni, osati pa kaunjika. Ndinawauza kuti andipatse yapamwamba kuposa onse. Inu mukudziwa kuposa eni sitolo?"

"Munawauza kuti wosewerayo ndi ndani?"

"Ndiwauze chifukwa chiyani? Chabwino ndi chabwino."

Anatola raketi yabuluu pamene ndinaitsamiritsa, naiponya m'buti ya galimoto yawo, nkutseka. Madamu anawakumbutsa kuti raketiyo si yanga. Amalume anati aibweza masewera akatha. Apo madamu anatembenukira kwa ine.

"Wosewera ndiwe. Nena wekha."

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Amalume anali patsogolo panga, anzawo awiri akumwetulira kumbuyo kwawo. Kwathu mwana wamkazi sakana mphatso ya amalume ake pamaso pa alendo. Ndinayang'ana pansi nkunena kuti ndiyesa yatsopanoyo.

Wopikisana naye anali mtsikana wamtali wochokera kusukulu ina ya ku Dowa. Raketi yake inali yawamba, yakale ngati yanga ija. Mpira woyamba umene anandimenyera ndinauchedwera, chifukwa mkono sunathe kubweretsa chinthu cholemera chija m'nthawi yake. Unagunda pachitsulo cha m'mbali, ndipo kunjenjemera kwake kunakwera mpaka paphewa. Wachiwiri unagwera pa neti. Wachitatu ndinaumenya pakati penipeni mwangozi, unauluka nkukagwera m'munda wa chimanga kunja kwa mpanda.

"Menya mwamphamvu!" amalume ankakuwa. "Usaiope! Menya!"

Ndinamenya mwamphamvu. Mpira uliwonse wogunda m'mbali unkandibaya pachigongono ngati singano. Zala zinatopa ndi kufinya chogwirira chachikulu chija. Mipira imene kusukulu ndinkaibweza ndikuseka inkandidutsa ngati sindinagwirepo raketi chibadwire. Ndipo mtsikana uja sanali wondiposa. Ndinkaona bwinobwino kuti kumanzere kwake nkofooka, ndinkadziwa pomwe ndiyenera kuika mpira, koma dzanja linalibe chochitira.

Pa nthawi yopuma ndinapita kwa amalume, ndinagwada pambali pa mpando wawo, nkulankhula motsitsa kuti anzawo asamve.

"Amalume, chonde nditsegulireni buti. Mkono ukuwawa."

"Ukufuna undichititse manyazi? Ndachoka ku Lilongwe ndi anthu awa kuti adzaone mphira ya njinga? Bwerera uko."

Ndinabwerera. Mbali yachiwiri isanafike pakati, raketi inapulumuka m'dzanja langa nkugwa pansi. Ndinawerama kuti ndiitole, zala zinakana kufumbata. Madamu analowa m'bwalo nauza woyimbira masewerowo kuti mwana wawo sapitiriza.

Ndikutuluka, mmodzi wa anzawo a amalume aja anati, "Atsikana akumudzi awa, khasu ndiye amalitha."

Ndinadikira kuti amalume amuyankhe. Anaseka. "Ndamugulira chida chenicheni, koma manja ake ndi a mpini," anatero, onse atatu nkusekera limodzi. Kenaka anati ali ndi kolowera kwina ku Mponela, analiza galimoto, napita. Raketi yabuluu inapita nawo m'buti. Ine ndi madamu tinabwerera pa minibasi, yakuda ija ili pamiyendo panga.

Mawa lake amalume anaimba foni ya amayi. Sanafunse za mkono. Anadandaula kuti mwana sanathokoze. Amayi anandiitana, nandipatsa foni, nkundilozera pansi ndi chala. Ndinagwada pafumbi, patsogolo pa foni, munthu ali ku Lilongwe, chigongono chitatupa ngati mbatata.

"Zikomo amalume chifukwa cha raketi."

"Eya. Uzilimbikira. Chida uli nacho tsopano, ulibenso chonamizira."

Foni itadulidwa ndinawafunsa amayi kuti ndathokoza chiyani. Anandiyankha kuti, "Ndi achimwene anga. Anakuganizira. Ukufuna adzisiye kukuganizira?" Anatenga raketi ija naipachika pamsomali pabalaza, pafupi ndi kalendala ya kutchalitchi, kuti alendo aziiona.

Kuchipatala anandimanga bandeji nkundiuza kuti mkono upume. Milungu itatu sindinathe kupopa mjigo. Cholembera ndinkagwira mwa apo ndi apo, moti mayeso a teremu ndinalemba theka la mafunso. Ku Lilongwe kunapita mtsikana wa ku Dowa uja. Kusukulu maraketi anatsala anayi, ndipo anzanga sanabise kuti wolakwa ndine. Madamu anawaimbira amalume kangapo kufunsa za raketi yabuluu ija. Poyamba ankati aiwala, kenaka anati ana awo akuseweretsa, ndiye akatopa nayo aitumiza. Inabwera patapita miyezi iwiri, pa basi, zingwe zitaduka, mutu utapindika. Anawo ankamenyera miyala.

Tsiku limene ndinaiona, ndinaweruka osadikira belu. Amayi anali kudimba. Ndinakwera pampando, nkutsitsa raketi yakuda pamsomali, ndi kubwerera nayo kusukulu. Ndinaiika pa tebulo la madamu.

"Amayi ako akudziwa?"

"Adziwa akaona msomali."

Madamu anainyamula raketi ija. Kenaka anati ku Madisi kuli mphunzitsi wina wachibambo amene wasewera tenisi zaka zambiri, ndipo tsiku la mpikisano lija anaisirira. Loweruka lotsatira anapita nayo. Anabwerako ndi maraketi awiri opepuka, akale ndithu, koma amitu yaikulu. Imodzi anandipatsa kuti ikhale yanga.

Amayi anakhala masiku awiri osandilankhula. Amalume anadziwa pa Khirisimasi, atabwera kumudzi ndi banja lawo. Anangolowa pabalaza maso ali pamsomali.

"Raketi ija ili kuti?"

Amayi anayamba kunena kuti ili kusukulu, koma ine ndinawadula. Ndinali nditaima pakhomo la kuchipinda, ndipo sindinagwade.

"Ndinasinthitsa, amalume. Inandipweteka mkono. Madamu anakuuzani kuti si ya msinkhu wanga, inu simunamve. Ndinakupemphani kiyi ndili chogwada, munakana. Anzanu atandinyoza, munaseka nawo. Raketi ya eni ake munakaphwanyitsa kwa ana anu. Ndiye ndithokoze kachiwiri?"

Azakhali, akazi awo a amalume, anatulutsa ana panja. Amayi anandigwira mkono nkumandikokera kuchipinda.

"Achemwali," amalume anatero, osandiyang'ana ine, "mwana mukulera uyu ndi wamwano. Ine ndinamugulira chinthu chimene mphunzitsi wakeyo sanachigwirepo. Kulephera ndi kwake, mlandu akuupereka kwa raketi."

"Pepani achimwene, ndi mwana," amayi anatero.

Kupepesa kumeneko kunandipweteka kuposa mawu a amalume. Ndinatuluka nkukakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka galimoto itapita. Amalume anatha chaka chathunthu osandiyankha moni.

Mpikisano wotsatira unapezeka kuti wagundana ndi mayeso a Fomu 4, choncho mwayi uja sunabwererenso. Tenisi sindinaisiye. Ndinasewera ku koleji ya aphunzitsi, ndipo pano ndimaphunzitsa atsikana pasukulu ina cha ku Msakambewa. Kholo likabwera kudzandifunsa kuti limugulire mwana raketi yotani, ndimayamba ndamugwiritsa mwanayo zingapo, ndione zala zake, ndione ngati angaigwedeze kakhumi osakwinya nkhope. Ena amakhumudwa ndikawalozera yotchipa. Sindiwanyengerera.

Amalume anayambanso kundilankhula paokha, popanda kutchula nkhaniyo, ndipo ine ndinkaganiza kuti mwina mumtima anazindikira. Pa chinkhoswe changa ndi pamene ndinadziwa zoona zake. Iwo monga nkhoswe anapatsidwa maikolofoni. Analankhula za ulemu wa m'banja, za kupirira, kenaka anandiloza.

"Mwana uyu mukumuona akuphunzitsa tenisi lero, anamuyambitsa ndine. Raketi yake yoyamba yeniyeni ndinachita kukamusankhira ndekha ku Lilongwe. Panthawiyo anali wachibwana, sankadziwa chinthu chabwino."

Anthu anawomba m'manja, amayi ena nkululutira. Amayi anga anandiyang'ana ndi maso opempha. Mwamuna wanga, amene nkhaniyi amaidziwa yonse, anandiponda phazi pansi pa tebulo. Sindinaimirire, sindinalankhule. Koma manja anga anakhala pamiyendo, ndipo amalume anaona kuti sindikuwomba. Anapitiriza kulankhula kwa mphindi zina khumi.