Kobiriwira Ngati Kumwamba

Nthawi ya Chitaganya, achimwene anga anamva kuti kubwalo la ndege akufuna munthu woyatsa nyali zotsogolera ndege potera. Zoyendetsa ndege munthu wakuda sankazilota n'komwe, koma iwo ankati kuyandikira kokhako n'kokwanira. Lamulo linali lakuti wofuna ntchitoyo ayambe wapimidwa maso, chifukwa munthu wosokoneza mitundu ya nyali akhoza kugwetsa ndege.

Ndinawaperekeza wapansi kuchokera ku Chitawira mpaka kwa dokotala wachizungu ku Limbe. Ndinakhala pabenchi pafupi ndi khomo, ndipo zonse ndinkazimva. Zilembo za pakhoma anaziwerenga mpaka ting'onoting'ono ta m'munsi. Kenako dokotala anatulutsa timakadi ta mitundu. Koyamba achimwene anati, "Kobiriwira ngati msipu." Kachiwiri anati, "Kobiriwira ngati kumwamba." Ife timatero, mawu ake ndi amodzi. Koma kalaliki amene ankamasulira mawu awo kwa dokotala anangoti "girini" kawiri konse, za msipu ndi za kumwamba anazimeza. Dokotala analemba kuti maso awo sasiyanitsa mitundu.

Achimwene ankamukhululukira kalalikiyo, amvekere mwina Chizungu chinamuthera. Ine ayi. Munthu wa tayi ngati uja sakanalephera kunena kuti "buluu". Ndipo mwezi usanathe tinamva kuti ntchito ija yapita kwa mlamu wake wa kalaliki uja.

Achimwene anakalambira pamakina osokera pakhonde la sitolo ku Limbe, tsiku ndi tsiku akusankha ulusi wofanana ndi nsalu, osaphonya ngakhale kamodzi.