Nsapato za Amalume Zinapita ku Limbe

Ndinaganiza zopita ku Limbe tsiku lomwe ndinalemba mayeso omaliza a Fomu 4. Kwathu ku Nazombe chomwe chimandidikira ndi khasu basi, pomwe mnzanga anali atandipezera ntchito pa benchi ya nsapato za kaunjika. Koma munthu sungalowe m'tauni ndi patapata. Amalume, achimwene awo a mayi, anali ndi nsapato zachikopa zofiirira, zopanda zingwe, zongolowetsa phazi, zimene anabwera nazo kuchokera ku Joni ine ndisanabadwe. Zinkangogona m'katoni pamwamba pa kabati. Ndinazitenga, m'katonimo n'kuikamo makaka awiri akuluakulu okulunga m'nyuzi. Mpaka lero ndikakumbukira ndimaseka ndekha.

Ku Limbe nsapato zinandilowa m'magazi. Ndinkazidziwa ndi msoko, ngakhale ndi fungo la chikopa. Malipiro anali ochepa, ndipo ambiri ankathera pa nsapato zakale zimene mafakitale anasiya kupanga. Ndinasonkhanitsa mapeyala asanu. Lamlungu anzanga akapita kwa abale awo, ine ndinalibe kolowera, ndinkangokhala pakhomo n'kumazipolisha. Mayi akaimba foni ndinkati zonse zili bwino.

Pa benchi timaika nsapato imodzi yokha, inzake timabisa m'thumba kuti wakuba asapindule. Ine mwamatama ndinaika ya amalume yakumanzere poonekera kuti izikopa anthu. Wina anaiba yomweyo. Imodzi. Kaya akaitani nayo.

Sabata yomweyo uthenga wa mayi unafika: ukwati wa achemwali anga mwezi wamawa. Amalume ndiwo ankhoswe, katoni ija aitsitsa basi.

Ndinazungulira misika, Limbe, Ndirande, Bangwe, yakumanja ili m'manja. Mkulu wina wosoka nsapato anaitembenuza n'kundibwezera. "Mtundu uwu anasiya kalekale, mwana iwe. Ukusaka maliro." Pomaliza ndinapeza yofananako, koma yokulirapo ndi yoderapo. Masiku anayi ndinapaka polishi yakumanja ija kuti ide.

Ndinatsika minibasi pa Boma, n'kukwera kabaza, thumba lili pamiyendo. Amalume ndinawapeza pakhonde.

"Afika abwana a m'tauni," anatero osadzuka. "Makaka anu aja tinadya."

Ndinagwada, n'kupereka nsapatozo. Anaziyang'ana nthawi yaitali, analowetsa chala mu iliyonse.

"Iyi si yanga."

"Koma ndi yabwino kuposa inayo, amalume."

Sanaseke. "Ukudziwa amuna angati akwatira atavala izi? Bambo ako omwe. Wa phazi laling'ono timamuikira thonje. Iwe uli ku Limbe, mnyamata wa kuseri uku analowa m'tchalitchi ndi nsapato zapulasitiki. Mayi ake mpaka pano sandiyankha moni, akuti ndinawamana."

Zimenezo sindinkazidziwa. Ndinakula ndikuona akwati onse akunyezimira kumapazi, osazindikira kuti peyala yake ndi imodzimodzi.

"M'thumbamo muli chiyani?"

"Zovala."

"Khuthula."

Mapeyala anga asanu anagwera pakhonde. Amalume anawandandalika motsatira kukula kwake, nkhope ikumasuka pang'onopang'ono.

"Izi zikhala pano. Thonje lapuma."

Pepani sindinanene, ndipo sindidzanena. Koma Loweruka la ukwati alamu anga anasankha zakuda zimene ine mwini sindinayerekeze kupondetsa pansi, n'kuvina nazo m'fumbi mpaka chidendene kupendekeka. Pambuyo pawo panali kale anyamata awiri akufunsa amalume saizi.