Womwalira Wanga Anaoneka pa Kanema

Amuna anga tinawaika m'manda Lachisanu, koma m'bokosimo munalibe munthu. Munali thunthu la nthochi lokulungidwa m'nsalu yoyera. Kwathu kuno ku Nazombe timatero munthu akapita ndi madzi mtembo wake osapezeka. Amati manda alandire kanthu, apo ayi imfa imangozungulira pamudzi kufuna wina.

Chinali chaka chija mvula inagwa osapuma mpaka madzi kutsika m'phiri ndi miyala. Amuna angawo anali ku nyanja ya Chilwa, m'chimbowera, kanyumba koyandama komwe asodzi amagonamo akamapha matemba. Anzawo awiri anapezeka m'mabango atafa, bwato lili chozondoka. Patatha milungu iwiri amalume awo, mkulu wa mpingo wolankhula ngati akuwerenga zolengeza, anagamula kuti tiike maliro.

Pamalirowo ndinakhala m'nyumba ya siwa monga amakhalira namfedwa, koma misozi inakana. Ndinali wokwiya. Itafika nthawi yometa, amayi ena anabwera ndi lumo, ine n'kumanga mpango wanga mfundo ziwiri.

"Mlamu, tsitsi limeneli lichoke," anatero amalumewo. "Mukufuna kutiputira tsoka pamudzi pano?"

"Mundionetse mtembo, ndimeta ndekha," ndinawayankha. "Ine sindinakwatiwe ndi nthochi."

Mawu amenewo anayenda mudzi wonse tsiku lomwelo. Ena anati mutu wanga wasokonezeka, ena anati ndili ndi mwamuna wina ndiye chifukwa chake sindikulira. Kutchalitchi benchi yomwe ndinkakhala inayamba kukhala ndi malo ambiri. Ngakhale amayi anga ondibereka anandiuza kuti mwana wanga, liuma lakoli unatengera kwa bambo ako, vomereza. Kunena zoona, umboni ndinalibe. Masiku ena ndinkapita kuseri kwa nkhokwe kukalira ndekha, poopa kuti mwina wopenga ndinedi. Amalume anandipatsa mpaka kutha kwa mwezi: ndimete, andisudzule, nkhani ithe.

Kuti ana adye, ndinkagulitsa zitumbuwa pamsika, pakhomo pa nyumba yoonetsa mavidiyo. Mkatimo sindinkalowamo. Munkakhala anyamata ndi abambo opanda chochita, kuonera azungu ndi matchaina akumenyana, wina akuwalankhulira Chichewa chopotoka. Masana ena mvula inandithamangitsira momwemo, beseni pamutu. Mwini wake, mwamuna wonenepa wochokera ku Mulanje, anali atasintha kuti anthu aone nkhani podikira mpira.

Ankaonetsa msasa wa anthu othawa madzi, pasukulu ina tsidya lina la nyanja. Mtolankhani ankalankhula, kumbuyo kwake anthu ali pamzere ndi mbale. Kenako ndinaona munthu atakhala pansi pa mtengo, mwendo umodzi uli m'chikhakha, akusoka masikito ong'ambika. Ankasoka ndi dzanja lamanzere, ulusi atauluma m'mano, mutu ataupendeketsa. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuona munthu akusoka ukonde motero pakhonde panga.

Beseni linagwa. Ndinakuwa mpaka anyamata a kutsogolo anadumpha mabenchi poganiza kuti mwalowa njoka.

"Bwezani! Bwezani pomwepo!"

"Mayi, iyi si filimu, sitibweza," anatero mwini vidiyo. "Mwaona chiyani?"

"Amuna anga!"

"Omwe tinaika aja?"

Anthu anaseka, ena anagwedeza mitu mwachisoni, ndipo chisonicho ndi chomwe chinandipweteka kwambiri. Pa kanemapo panali patabwera kale nkhani ya fetereza. Koma bambo wonenepa uja, Mulungu amudalitse, anandikokera pambali n'kundiuza kuti pulogalamu imeneyo amaibwereza Lamlungu masana, anthu akaweruka ku mapemphero.

Ndinayenda khomo ndi khomo ngati wolengeza katemera. Kwa amalume ndinafika komaliza, ndinagwada bwinobwino.

"Lamlungu tikaonere limodzi. Akapanda kukhala iwo, lumo mubwere nalo konko, mundimetere pamsika anthu akuona."

"Mwanena nokha," anatero.

Nditatuluka pamenepo ndinayamba kudzikayikira. Munthu uja ndinamuona kanthawi kochepa kwambiri, kuphethira kawiri basi. Amanzere ndi ambiri padziko.

Lamlungu nyumba ya vidiyo inadzaza ndi anthu omwe sanapondemo chibadwire. Amayi a chigwirizano ndi mayunifolomu awo anakhala pansi pa zithunzi za anthu onyamula mfuti. Amalume anakhala kutsogolo, jekete lakuda, Baibulo pamwendo, ndipo m'thumba la malaya munkaoneka kapepala ka lumo. Ena anali panja kusuzumira m'ming'alu ya matabwa.

Pulogalamu inayamba ndi nduna ikudula riboni. Kenako mlatho wogumuka. Kenako mayi wina wa nkhuku. Wina kumbuyo anayasamula mokweza dala. Ndinapemphera pemphero lopanda ulemu: Ambuye, mukandichititsa manyazi lero, tikambirana.

Msasa uja unatulukira. Mtolankhani, mzere wa mbale, mtengo. Ndinalephera ngakhale kuloza. Munthu uja anali pomwepo, akusoka. Ndipo china chomwe sindinachione tsiku loyamba, poti ndinali nditayamba kale kukuwa, chinachitika: anadzutsa mutu, anayang'ana kamera, n'kuseka. Mpata wa dzino lomwe linachoka ndi nkhafi unaonekera nyumba yonse.

Woyamba kusuntha anali amalume. Anaimirira, Baibulo linagwa, n'kubwerera chafutambuyo mpaka kuponda amayi a chigwirizano.

"Mzukwa!" anakuwa wina pakhomo, ndipo a panja anamwazika.

"Mzukwa umasoka masikito?" ndinafunsa. "Mzukwa amaumanga chikhakha kuchipatala?"

Apo ndiye nthungululu zinaphulika. Amayi omwe ankandithawa pabenchi ndi omwe anandinyamula. Wina anayambitsa nyimbo ya Chilomwe, mabenchi anasanduka ng'oma, mwini vidiyo akupempha kuti chonde musandiphwanyire kanema. Ine ndinavina. Ndinavina moyang'ana aliyense m'maso, mmodzimmodzi, ndipo sindibisa, zinandikoma kwabasi. Amalume anabwera, anavula chipewa pamaso pa anthu onse.

"Mlamu, tinalakwa. Tinaika munthu wamoyo."

M'mawa mwake iwo omwewo anabwereka njinga yamoto, tinauyamba ulendo wozungulira nyanja, misewu ili yodukaduka. Tinafika pasukulupo dzuwa litapendeka. Zinadziwika kuti asodzi a tsidyalo anawatola atakakamira mabango, mwendo utathyoka, ndipo anagona m'chipatala nthawi yaitali. Foni inapita ndi madzi, nambala yanga sankaidziwa pamtima. Uthenga anatuma wogula nsomba wina, yemwe mpaka lero sanafike.

Njira yonse ndinkakonza mawu owakalipira, ndipo ndinali nawo okwana dengu. Ndinawapeza atatsamira khoma la kalasi. Anandiyang'ana, anayang'ana amalume awo, kenako anafunsa mwamantha:

"Mwabwera awiri chonchi, kumudzi kwagwa maliro?"

Amalume anayang'ana kumbali. Ine ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, ndinagwira mwendo wawo wabwinowo ndi manja onse awiri, ndipo misozi yomwe mudzi wonse unkaifuna kwa miyezi iwiri inatuluka.

"Anagwa, maliro anu omwe," ndinawauza. "Koma ine sindinawavomere. Dzukani, ana akudikira."