Ngodya Imene Atate Sankalima

Chithunzicho chikadali m'chitini cha mabatani: maluwa ofiira panthaka yakuda, ndi chigongono cha mwana chakumphepete. Chigongonocho ndi changa.

Atate anamwalira tikukolola, ndipo abale awo anauza amayi kuti mvula isanagwe tibwerere kwathu ku Shikabeta, chifukwa munda unali wa mtundu wawo. Ine panalibe anandiuza. Ndinkangoona amayi akulowa n'kutuluka, kugwira ichi, kusiya icho, mtima suli m'malo.

Kumundako, pafupi ndi chulu, kunali ngodya imene atate sankaikhudza ndi khasu. Tchire likapsa, pamenepo pankaphuka maluwa m'phulusa momwemo, opanda n'tsamba lomwe, mvula isanadonthe. Anthu ankawaseka atate kuti akuweta udzu. Amayinso ankaseka nawo. Tsopano atate kunalibe, chithunzi chawo kunalibenso, pakuti sanajambulitsepo moyo wawo wonse. Ndipo wotenga munda sakanasiya ngodya ija.

Amalume ankajambula maukwati ku Rufunsa. Amayi anawatumira uthenga, maluwa akuyamba kufota, iwo osabwera. Amayi ankangokhalira kusuzumira kunjira. Amalume atafika panjinga, anati filimu yatsala yojambula kamodzi kokha.

Ndinathamanga kukavala yunifomu, n'kudzola mafuta mpaka chipumi waliwali. Kodi kamera imabwerera ndani ngati si anthu?

"Sisi, aya ni maluwa chabe," anatero amalume. "Imililani na mwana apo."

"Jambulani maluwa," anayankha amayi.

Mphepo ya mwezi umenewo sidziwa ulemu. Maluwa ankangogwedezeka, phulusa likutilowa m'maso ndi m'mano, fungo la lupsa lili guu. Amalume anagona chafufumimba, malaya awo oyera n'kuda bii, kudikira kuti mphepo ipume. Ine ndinkazungulira, kulumpha chulu, kusendera pang'onopang'ono, amayi n'kumandikoka kolala. Ndinali mwana wovuta, ndipo lero ndimawamvera chisoni amayi aja: kugwira mwana ndi dzanja limodzi, linalo akupukuta m'maso n'kumanamizira phulusa. Mphepo itangoti zii, ndinapulumuka. Kamera inalira.

Chithunzi chinatipeza ku Shikabeta, mvula itagwa. Amene anabwera nacho anati ngodya ija pulawo yadutsapo kale, adzalapo chimanga. Ndinachilanda, n'kuchiyang'ana uku ndi uku, n'kupsa mtima.

"Mulibe munthu umu!"

Amayi anachitenga, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Alimo," anatero.

Ndinasekerera, mkwiyo wonse n'kutha. Ndinkayesa akunena chigongono changa.