Mawaya Akati Zii

Batate ba Taonga, lero m'mawa mawaya aakulu a magetsi odutsa pamwamba pa nyumba yathu kuno ku Kanyama anasiya kulira. Ndinali kuchapa. Ndinangoimirira thovu lili m'manja, mtima uli m'mwamba, ngati mukadali moyo.

Ndinu munandiphunzitsa kuwamvetsera. Tsiku lina mukupita kuntchito, lamba wokwerera ali paphewa, munaloza kumwamba n'kunena kuti, "Amake Taonga, mukamva akulira, dziwani kuti ndili pansi. Akangoti zii, ndiye kuti atizimitsira kuti tikwere nsanja. Pamenepo muzindipempherera." Ndinaseka, ndinati kodi ndasanduka mlonda wa mawaya? Chaka chatha anati zii, madzulo anayambanso kulira, koma inu simunatsike amoyo.

Anthu akuti ndisamuke. Ndipite kuti ndi ana atatu, nyumba imene munamanga ili ino? Malaiti akapita, aneba amatukwana za mafiriji awo, ine maondo agwada kale, pakamwa pali dzina lanu. Masana ano atayatsa, komboni yonse inakuwa ndi chimwemwe. Ine ndinakaima pakhomo, maso kumsewu. Munandiuza poyambira pempheroli, bambo, koma polekezera simunandiuze.