Dzina la Lazaro analiwotcha kuseri kwa ofisina

Ndinapereka makina anga a masewera kuti awakonze galasi. Abwerako ndi masewera zikwi zitatu, koma dzina la mwana wanga mulibe.

Amene mumamwera pa baraka yanga ku Fingoe mumawadziwa makinawa, aatali ngati kabati, oponyamo fisha aja, tizitsulo tonga ndalama. Ndinawagula ku Zambia kalekale. Ukapambana umalemba zilembo zitatu za dzina lako pambali pa nambala imene wafika, ndipo sizifufutika ngakhale magetsi athime. Pamwamba penipeni pa mndandanda wa opambana panali LAZ. Ameneyo ndi Lazaro, mwana wanga woyamba. Dzenje la golide linamugumukira chaka chatha. Anyamata akhala akuyesa kumutsitsa pamndandandapo, onse alephera. M'mawa uliwonse ndinkayatsa makinawo, kuwerenga dzinalo, kenako n'kuyamba kusesa.

Galasi linafa Lachiwiri. Nyimbo inkamveka, chithunzi ayi. Lachitatu nthawi ya 8 m'mawa ndinawakweza pangolo mpaka ku ofisina ina yokonzera mawailesi kuseri kwa msika. Mmisiri wake anasuzumira kumbuyo n'kunena kuti magalasi akalewa kulibe ngakhale ku Tete. Anati bola aikemo komputadori ndi galasi latsopano, ndodo yosewerera ndi mabatani zikhale zomwezo. Ndinavomera. Ndinangopempha chinthu chimodzi, pulaka yakale, chipangizo chobiriwira chija chosunga masewera ndi mayina.

"Pulakayo mundibwezere m'manja. Muli dzina la malemu."

"Sem problema, bambo. Ndiikulunga m'pepala."

Ndinanena katatu. Katatu konse anayankha chimodzimodzi.

Anati ndibwere Loweruka. Loweruka ndinapeza loko. Lolemba nthawi ya 10 mkazi wake anati bambo apita ku Tete kukagula waya. Lachinayi nthawi ya 2 masana anati bambo akudya. Kodi nsimayo inali yodya sabata yathunthu? Anandiitana patatha masiku 19.

Makina anayaka bwinobwino, sindinama. Anandionetsa masewera a mpira, a ndewu, a ndege, akumwetulira ngati wabereka mapasa. Ndinati atsegule akale aja. Anatsegula. Mndandanda wa opambana unabwera, zilembo zake zachilendo zokhazokha, za anthu amene sanapondepo Fingoe.

"Pulaka yanga ili kuti?"

Anayamba kukanda m'mutu. Anati inali yotha kale. Ndinati inkaimba. Anati inkangodzaza malo. Kenako ananditengera kuseri, pamene panali mbaula, chitini chakuda ndi kabotolo ka asidi. Anati mapulaka akale amakhala ndi golide m'timiyendo take, amisiri onse amawotcha, ndiyo ntchito yake. Anandionetsa kapepala ka ndudu kopindapinda. M'katimo munali kagolide kosafika mutu wa machesi.

Ndinangoima, ndikuyang'ana phulusa. Golide anatenga mwana, golide watenganso dzina lake. Mumtima munali zii, ndipo mpaka lero muli choncho.

Ataona nkhope yanga anati ndisadandaule, komputadori imalola chilichonse.

"Ndingamulembe pompano, bambo, mphindi ziwiri. L, A, Z. Mungondiuza nambala imene anafika."

Kumulemba? Mwana anagwira ndodo imeneyo masana onse a Lamulungu mpaka chala kutupa, amayi ake akumukalipira kuti wajomba kwaya, iwe n'kumulemba mphindi ziwiri? Komabe ndinatsegula pakamwa kuti ndinene nambalayo. Sinabwere. Ndikudziwa kuti inkayamba ndi 4. Chaka chathunthu ndinkaiona m'mawa uliwonse, koma maso anga ankathera pa dzina. Sindinailembe paliponse. Ndikanailemberanji, poti inali m'makina?

Makina ali pa baraka, anyamata akusewera, akuti ndi abwino kuposa kale. Amayi a Lazaro sindinawauze. Amangodabwa kuti masiku ano ndimayamba ndi kusesa.

Iwe mmisiri, ndikudziwa uwerenga izi. Kagolide kako khala nako. Ungondiyankha: pa katatu kaja, ndi kati kamene sunamve?

Inu muli ndi wailesi, foni kapena makina akale okhala ndi za munthu wanu, chotsani nokha musanapereke, zikhale m'thumba mwanu. Ndipo ngati alipo amene ankasewera ndi Lazaro, amene akukumbukira manambala otsatira 4 uja, adutse pa baraka. Ndagula kope.